Bhundu Boys: nkhokwe inadzaza asanapite ku London

Lamlungu masana ku Murambi, dera la nyumba zikuluzikulu limene lili m'munsi mwa phiri la Cecil Kop mumzinda wa Mutare, kumakhala zii. Eni nyumba amakhala akupumula, ndipo alonda, osamalira maluwa ndi amayi ogwira ntchito zapakhomo amapeza kampata kokhala pamthunzi kuseri kwa mipanda. Ena mwa iwowa ndi ana ndi adzukulu a anthu amene kale anachoka ku Dedza, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Angonia kudzafuna ntchito m'migodi ya ku Penhalonga, m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi m'nkhalango za mitengo ya matabwa za m'chigawo cha Manicaland. Pa macheza otere nyimbo sizisowa. Masiku ano zimachokera pa foni ya m'manja osati pa kaseti monga kale, koma wina akangoika nyimbo ya Bhundu Boys, achikulire amaizindikira gitala isanafike patali, ndipo phazi limayamba lokha kugunda pansi.

Nyimbo zogundisa phazizi zinasonkhanitsidwa m'chaka cha 2001 pa ma CD awiri otchedwa The Shed Sessions. Magulu otchuka a nyimbo za rock a ku Ulaya ndi ku America ali ndi chizolowezi chotulutsa chimbale cha nyimbo zosankhidwa, choyambira kumene iwo anayambira mpaka kumene afika, kuti womvera aone ulendo wonse. Gulu la Rolling Stones linachita zimenezi m'chaka cha 2002 pamene linaika nyimbo 40 za zaka 40 pa chimbale cha Forty Licks. The Shed Sessions sichinatsate njira imeneyo. Chimathera m'chaka cha 1986, chaka chimene anyamatawa anakwera ndege kupita ku Britain. Zaka za kutchuka kwawo, za ndalama zambiri ndi za mabwalo akuluakulu mulibemo. Komabe anthu amene amalidziwa bwino gululi sadandaula kuti pali chimene chikusowa. Nkhokwe inali itadzaza kale eni ake asanachoke pakhomo.

Anyamata asanu opanda zida zawozawo

Gululi linayamba ku Harare m'chaka cha 1980, chaka chimene dziko la Zimbabwe linalandira ufulu wodzilamulira. Mawu akuti bhundu m'Chishona amatanthauza tchire, ndipo dzina la gululi linkakumbutsa anthu za anyamata amene pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu ankatumikira asilikali a m'tchire powapititsira chakudya ndi mauthenga. Oimba ake anali asanu. Biggie Tembo wa ku Chinhoyi, amene dzina lake lobadwa nalo linali Rodwell Marasha, ankatsogolera kuimba ndipo ankaliza gitala. David Mankaba ankaliza gitala ya besi, Shakespeare Kangwena ankaliza kiyibodi, pomwe Kenny Chitsvatsva anali pa ng'oma. Wachisanu, amene analiyambitsa gululi ndipo ankaliza gitala yotsogolera, anali Rise Kagona, mwana wa m'banja lochokera ku Malawi.

Monga achinyamata ambiri a m'matauni a nthawi imeneyo, iwo anaphunzirira gitala pa nyimbo za rock ndi za country zochokera kunja, zimene zinkamveka pa wailesi ndipo zinkafunidwa m'malo omwera mowa. Kuchokera ku nyimbo zimenezo anatengako kapangidwe ka gulu: magitala a magetsi, besi, ng'oma za chizungu ndi nyimbo zazifupi zosavuta kuzikumbukira. Koma zimene anathira m'chotengera chimenechi zinali za kwawo.

Moyo wa woimba sunali wapafupi. Oimba ambiri analibe zida zawozawo. Magitala, ng'oma ndi zokuzira mawu zinkakhala za mwini bala kapena mwini hotela, ndipo woimba ankakhala ngati tenanti wa pa esiteti ya fodya: munda ndi wa wina, khasu ndi la wina, chake ndi thukuta lokha. Akasemphana mawu ndi mwini malo, ankachoka chimanjamanja n'kukayamba kufunafuna kwina kokaimba.

Mwayi wawo unabwera pamene anayamba kujambula nyimbo ku Shed Studios, situdiyo ya ku Harare imene ankayendetsa Steve Roskilly. Mmodzi mwa akatswiri amene ankagwira ntchito pa makina a situdiyoyo m'zaka zimenezo anali Bothwell Nyamhondera wa konkuno ku Mutare, amene pambuyo pake anajambula zimbale zambiri za sungura ku Gramma Records. Nyimbo za Bhundu Boys zinkatuluka pansi pa dzina la Rugare, ndipo zingapo mwa izo, monga Baba Munini Francis, Wenhamo Haaneti ndi Hatisitose, zinafika pa nambala wani m'dzikomo. Hatisitose inakhala pamwamba kwa miyezi itatu.

Zimene zili m'nkhokwe

Mtundu wa nyimbo zawo ankautcha jit. Gwero lake ndi magule a usiku a achinyamata a kumidzi ya Ashona, kumene ng'oma imathamanga, mmodzi amatsogolera nyimbo ndipo ena onse amavomera. Munthu wa ku Malawi kapena wa kum'mawa kwa Zambia amene anavinapo pabwalo mwezi ukuwala sangavutike kumva kumene kayendedwe kameneka kanachokera. Bhundu Boys anasamutsira kayendedweka pa zida za magetsi. Gitala ya Kagona imayenda pamwamba ndi timawu ting'onoting'ono tobwerezabwereza, gitala yachiwiri imalowa m'mipata imene yoyamba yasiya, monga momwe zala ziwiri zimasinthanirana pa mbira, ndipo besi siingokhala pansi kusunga nthawi koma nayonso imaimba nyimbo yakeyake. Womvetsera bwino amamvamo kafungo ka rumba ya ku Congo ndi ka magitala a ku Kenya, amene mbale zake zinkagulidwa kwambiri m'matauni a Zimbabwe. Palibe chida chimene chimapondereza chinzake. Aliyense ali ndi mzere wake wolima, ndipo munda umatha chifukwa onse akulima pa liwiro limodzi.

Mitu ya nyimbo yokha ikusonyeza kuti ankaimbira ndani. Kuroja Chete ndi nyimbo ya munthu wokhala m'chipinda cha lendi, amene alibe pake. Wenhamo Haaneti, m'Chichewa, ndi kunena kuti mmphawi satopa. Hupenyu Hwangu ndi moyo wanga, Hatisitose ndi mawu a anthu amene asiyana, Baba Munini Francis ndi bambo aang'ono a m'banja, ndipo Shabini ndi malo aja ogulitsirako mowa m'makomo. Palinso nyimbo yotchedwa Chimanimani, dzina la mapiri a kum'mwera kwa Mutare. Izi ndi nkhani za lendi, za njala, za chikondi chotha, za achibale ndi za mowa, zoimbidwa mothamanga ndi mwansangala kotero kuti munthu amavina kaye, n'kuzindikira pambuyo kuti wavina mavuto ake omwe.

Kajambulidwe kake kanali kopanda zambiri. Oimba ankabwera ndi nyimbo zimene anali ataziimba kale usiku ndi usiku pamaso pa anthu, atadziwa pamene anthu amadzuka kukavina ndi pamene amakhala pansi. Situdiyo inkangotola chimene chinali chitapsa kale. N'chifukwa chake nyimbozi, ngakhale papita zaka zoposa 40 chijambulireni zina mwa izo, sizimveka zokalamba.

Zimene mulibe m'nkhokwe

Anthu awiri a ku Britain, Owen Elias ndi Doug Veitch, anamva nyimbozi ndipo anagwirizana ndi Shed Studios kuti azitulutse kwawo kudzera ku kampani yawo yaing'ono ya Discafrique. Chimbale cha Shabini chinatuluka kumeneko m'chaka cha 1986, ndipo Tsvimbodzemoto chinatsatira mu 1987. Aulutsi awiri a wailesi ya BBC, John Peel ndi Andy Kershaw, anazikonda kwambiri ndipo ankaziika pa mapulogalamu awo mobwerezabwereza. Anyamatawo atafika ku Britain mu 1986 anatsika ndege opanda zida zoimbira, pakuti analibe. Anayamba ndi zida zopezedwa movutikira, akuyenda pa galimoto tauni ndi tauni, kuimba m'maholo ang'onoang'ono ndi m'masukulu a ukachenjede ku Scotland ndi ku England, motsogozedwa ndi Gordon Muir amene anakhala woyang'anira zochita zawo.

Chaka chimodzi chokha chinali chokwanira kusintha zonse. Mu Ogasiti 1987 anaimba masiku atatu pa bwalo la Wembley ku London, kutsegulira njira woimba wa ku America, Madonna, pamaso pa anthu oposa 70,000 tsiku lililonse. Kampani yaikulu ya WEA inawapatsa mgwirizano ndi ndalama zoyambira zimene woimba wa m'mabala a ku Harare sakanazilota n'komwe.

Palibe angawadzudzule chifukwa cholandira. Munthu amene waimba zaka zambiri ndi gitala yobwereka sangakane mwayi wotere. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kampani yaikulu inkafuna chimbale chimene chingagulidwe ndi anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America. Chimbale cha True Jit, chimene chinatuluka mu 1987, anachijambula Robin Millar, katswiri amene anagwirapo ntchito ndi woimba Sade. Munalowa mawu a Chingerezi, zida zowonjezera ndi kusalaza kwa makina apamwamba. Zinakhala ngati chimanga chimene chakonoledwa, kuviikidwa ndi kusefedwa mpaka gaga yense wachoka: ufa ndi woyera bwino, koma chimene chimapatsa mphamvu chatsala pa lichero. Anthu amene anakonda Shabini anaona kuti kukoma kuja kwachepa, ndipo ogula atsopano amene kampani inkawayembekezera sanabwere mwaunyinji. Chimbale chachiwiri, Pamberi, chinatuluka mu 1989, ndipo pambuyo pake WEA inawasiya.

Ndalama nazo zinabweretsa zawo. Gawo lalikulu la ndalama zoyambira zija linagulira nyumba ku London, ndipo nkhani ya nyumbayo ndi ya kagawidwe ka phindu inakhala mkangano kwa zaka zambiri. Pakati pa oimba panabukanso kusamvana pa za amene ali mwini gulu ndi amene ayenera kuonekera patsogolo. M'chaka cha 1990 Biggie Tembo anachoka. Anthu asanu amene ankagwirizana bwino pamene analibe kanthu analephera kugwirizana pamene kanthu kanapezeka, ndipo alimi amene anaonapo kalabu ikupasuka chaka chimene yagulitsa bwino koposa akuidziwa nkhani imeneyi.

Maliro otsatizana

Kenaka kunabwera matenda. David Mankaba anamwalira m'chaka cha 1991. Asanamwalire anapempha kuti anthu adzauzidwe poyera kuti chimene chamutenga ndi Edzi. Nthawi imeneyo mabanja ambiri ankangonena kuti malemu adwala nthawi yaitali, ndipo Mankaba anali mmodzi mwa anthu otchuka oyambirira m'dziko la Zimbabwe kulola kuti matendawa atchulidwe dzina pa imfa yake. Alangizi a zaumoyo amene lero amalankhula momasuka za kuyezetsa magazi ndi za mankhwala otalikitsa moyo akuyenda m'njira imene anthu onga iye anayamba kuilambula. Shepherd Munyama, amene analowa m'malo mwake pa besi, anamwalira mu 1992, ndipo Shakespeare Kangwena anatsatira mu 1993. Biggie Tembo, atavutika ndi matenda a maganizo, anadzipha ali m'chipatala ku Harare m'chaka cha 1995.

Kagona anayesetsa kulisunga gululi ndi oimba ena. Anatulutsa chimbale cha Muchiyedza mu 1997, koma pofika m'chaka cha 2000 gulu linali litatha. Iye anakhazikika ku Scotland, kumene anapitiriza kuimba m'malo ang'onoang'ono, nthawi zina pamodzi ndi Doug Veitch yemwe uja, mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 2024.

Motero The Shed Sessions chinatuluka gulu litatha kale, atatu mwa oimba asanu oyambirira ali m'manda. Amene anachikonza anabwerera ku matepi a ku Harare, n'kutengamo nyimbo za pa Shabini ndi Tsvimbodzemoto pamodzi ndi zina za m'zaka zomwezo. Chinatheka chifukwa chimodzi: matepi aja anasungidwa, ndipo panali wodziwa kuti tepi iyi ndi ya nyimbo yakuti, yojambulidwa ndi akutiakuti.

Chaka cha 2001 chili ndi tanthauzo linanso kwa anthu olankhula Chichewa a m'dziko la Zimbabwe. M'chaka chimenecho lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anapezeka kuti sakuwerengedwanso ngati nzika. Ambiri a iwo anali ogwira ntchito m'mafamu, amene anali atayamba kale kutaya ntchito ndi pokhala kuyambira mu 2000 pamene mafamu anayamba kulandidwa. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 ndiwo anadzabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC. Pa nthawi yonseyo gitala ya Kagona inali kumveka pa ma CD aja ngati mawu a Zimbabwe. Si iye yekha. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys, Alick Macheso, ndiponso Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke, onsewa ndi a m'mabanja a anthu obwera amene mizu yawo ili ku Malawi, ndipo ena a iwo anaimba nyimbo m'Chichewa zimene dziko lonse linavina. Chimbale chosungidwa bwino chimakhala mboni imene chiphaso cha boma sichingaitsutse.

Phunziro la ku Zambia

Kutsidya kwa Zambezi kuli nkhani yofanana nayo, koma yothera kwina. M'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ku Zambia kunabuka magulu a rock amene nyimbo zawo zimatchedwa Zamrock. Lotchuka koposa linali WITCH la ku Kitwe, lotsogozedwa ndi Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari. Mtengo wa kopa utagwa, chuma cha dziko chinalowa pansi, malo oimbira anachepa, ndipo matenda anatenga oimba ambiri. Jagari anakhala mphunzitsi, kenaka anakalowa m'ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali.

M'chaka cha 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa zimbale zisanu za gululi, za kuyambira 1972 mpaka 1977, n'kuzitulutsa pamodzi pansi pa mutu wakuti We Intend To Cause Havoc. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America amene anali asanabadwe pamene nyimbozo zinkajambulidwa anazikonda, ndipo Jagari anabwerera pa nsanja. Iye ndi Patrick Mwondela, amene ankaliza kiyibodi m'gululi m'zaka zake zotsiriza, anagwirizana ndi oimba achinyamata n'kutulutsa chimbale chatsopano cha Zango m'chaka cha 2023. Apa nkhokwe inatsegulidwa mwini wake akadali moyo, ndipo anadyako.

Palinso Paul Ngozi wa ku Lusaka, mtsogoleri wa gulu la Ngozi Family, amene ankaimba rock m'Chinyanja cha m'makomboni ndipo anamwalira mu 1989. M'chaka cha 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga kachigawo ka nyimbo ya gululi yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kukaika m'nyimbo yake ya Noid. Mawu a Chinyanja ojambulidwa m'zaka za m'ma 1970 anamveka kwa anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse. Palibe amene akanalosera zimenezi pa tsiku lojambula. Mbewu yosungidwa pouma imatha kumera pa nthawi imene mwini wake sanaiganizire, ndipo funso limene limatsala ndi lakuti wokolola adzakhala ndani.

Mwini nkhokwe ndani?

Funso limeneli lili ndi yankho m'malamulo, ndipo ndi bwino kuti oimba a m'midzi, makwaya ndi magulu a zisudzo alidziwe. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe ake. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi umwini umenewu umakhalapo moyo wonse wa wopekayo ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti ndi chuma chamasiye monga munda kapena ng'ombe. Wachiwiri ndi umwini wa chojambulidwacho, ndipo kawirikawiri umakhala wa amene analipira situdiyo kapena wa kampani imene woimba anasainirana nayo. Woimba angathe kukhala mwini nyimbo koma osakhala mwini tepi. Pamene chimbale cha nyimbo zakale chikutulutsidwanso, woyamba kufunsidwa ndi mwini tepi, ndipo zimene oimba kapena ana awo angalandire zimadalira zimene zinalembedwa pa pepala zaka zambiri zapitazo.

Mabungwe otolera ndalama za opeka nyimbo alipo: ZIMURA ku Zimbabwe, COSOMA ku Malawi ndi ZAMCOPS ku Zambia. Koma bungwe silingalipire munthu amene silimudziwa, kapena nyimbo imene sinalembetsedwe. Safunsa anadya phula. Gulu limene likupita kukajambula liyenera kukhala pansi ndalama zisanaoneke, n'kulemba kuti nyimbo iliyonse anapeka ndani, anaimbamo ndani, ndalama za situdiyo zinachokera kuti, tepi kapena chojambulidwa choyambirira adzasunga ndani, ndipo phindu likadzabwera adzagawana motani. Pepala lililonse la mgwirizano liwerengedwe ndi munthu womva bwino chilankhulo chimene lalembedwamo, ndipo aliyense akhale ndi lake. Ndi bwinonso kuti wopeka nyimbo auze a pabanja pake kumene analembetsa, kuti iye akadzapita ana asadzayambe kufufuza mumdima.

Kusunga nakonso ndi ntchito imene anthu wamba angaigwire. M'masutikesi ndi m'makatoni a m'nyumba zambiri muli makaseti ndi mbale zakale zimene mwina palibenso kwina zingapezeke. Kaseti imaopa dzuwa, kutentha, chinyezi ndi maginito a m'masipika. Mbale yakale imafuna kuimikidwa chilili osati kusanjikizidwa, pakuti ikatenthedwa imapindika. Alangizi ndi aphunzitsi amene ali ndi mwayi wa kompyuta angathandize kukopera nyimbozo ndi kuzisunga m'malo awiri osiyana. Koma chofunika kuposa makina ndi cholembera. Nyimbo yopanda dzina la woimba, chaka ndi malo imafanana ndi thumba la mbewu lopanda chizindikiro: ingamere, koma palibe angadziwe kuti ndi ya mtundu wanji ndiponso kuti anaisankha ndani. Achikulire amene angatchule mayina amenewo akuchepa chaka ndi chaka.

Mzinda wa Mutare uli ndi nyimbo zakezake zoyenera chisamaliro chotere. Gulu la Runn Family la abale a kwa Muparutsa linatchuka ndi nyimbo yolira Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique amene anafa pa ngozi ya ndege mu Okutobala 1986, ndipo Assegai Crew nalo linavinitsa anthu a ku Sakubva ndi ku Dangamvura lisanamveke m'dziko lonse. Ku Malawi kuli nyimbo za Kalimba, za Makasu, za MBC Band ndi za Alleluya Band ya ku Balaka. Pansi pa magulu odziwikawa pali mazana a magulu a pa esiteti, a pa mgodi ndi a pa mpingo amene anajambula kaseti imodzi yokha n'kutha. Aliyense wa iwo ali ndi shedi yake penapake, ngati chiswe ndi mvula sizinafikeko kale.

Zimene ma CD awiri akunena

Munthu akamvera The Shed Sessions kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza samva za Wembley, za nyumba ya ku London kapena za maliro. Amamva anyamata asanu, onse ali moyo ndipo akugwirizana, akuimba m'chilankhulo cha kwawo za anthu amene ankakhala nawo. Zimene zinawatengera kutali ndi zomwezo, ndipo zimene zatsala iwo atapita ndi zomwezonso. Chimbale choyambira pachiyambi mpaka pamapeto chikanakhala ndi mbiri yokwanira, koma ichi chili ndi chimene chinali chawo.

Dzuwa likamapendeka ku Murambi, macheza a kuseri kwa mpanda amatha, pakuti mlonda ayenera kubwerera pa geti ndipo maluwa akudikira madzi a madzulo. Nthawi zina Kuroja Chete ikamalira komaliza pamakhala mdzukulu amene wabwera kudzaona agogo ake kuchokera ku Chikanga kapena ku Sakubva, ndipo amafuna kudziwa kuti akuliza gitala yothamanga choteroyo ndani. Agogo angathe kumuuza dzina, n'kuwonjeza kuti makolo a woimbayo anachokera kumene anachokera awo. Yankho limenelo lilipo chifukwa wina anasunga tepi ndipo analemba mayina pa chikuto chake.